Cholesterol yokwera pamodzi ndi chithokomiro chofooka: lipoti la mayi wa zaka 54

Lipotili ndi la mayi wina wa zaka 54, wodwala shuga ndi BP, amene anabwera ku kiliniki yathu ya matenda osapatsirana akumva kuwawa m'ntchafu ndi m'mapewa patadutsa milungu 6 chiyambireni kumwa simvastatin, mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi a gulu lotchedwa statin. Titawayeza tinapeza kuti chithokomiro chawo, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, chinali chitafooka kwambiri, ndipo kufookako ndi kumene kunakweza mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol komanso kuchititsa kuti minofu isapirire mankhwala. Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha ndondomeko imene chithandizo chinayenera kutsata: kuyamba ndi chithokomiro, kuyezanso mafuta, kenako n'kuweruza za statin. Zina zokhudza moyo wa mayiwa ndazisintha kuti asadziwike, ndipo iwo anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe.

Mbiri ya wodwala

Mayiwa ndi mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale m'tauni, wamasiye, wa ana atatu. Anasiya kusamba ali ndi zaka 50. Shuga anawapeza naye zaka 4 zapitazo ndipo amamwa metformin. BP ndi yakale kuposa pamenepo, amamwera amlodipine wa 10 mg. Sasuta, samwa mowa, alibe kachilombo ka HIV. Mchimwene wawo anagwidwa ndi sitiroko ali ndi zaka 52, ndipo mayi awo anali ndi chotupa pakhosi kwa zaka zambiri.

Kwa chaka ndi theka asanabwere kwa ife, thupi linali litasintha pang'onopang'ono. Ankatopa msanga, akaweruka kusukulu ankangofikira pamphasa. Ankavala juzi ngakhale mu Okutobala anzawo akudandaula kutentha. Ankadzimbidwa, khungu linauma, tsitsi linkathothoka akamapesa, ndipo mawu anayamba kusasa moti pophunzitsa ana akumbuyo sankamva. Sikelo inakwera ndi makilogalamu pafupifupi 7 pamene kadyedwe sikanasinthe. Zonsezi iwo ankati ndi ukalamba, kusiya kusamba, choko cha m'kalasi ndi shuga. Aliyense wowaona ankavomereza, chifukwa chilichonse mwa zizindikirozi chili ndi chifukwa china chomveka chikaima pachokha.

Pa chipatala china anawayeza cholesterol yonse n'kupeza 8.1 mmol/L. Anawalembera simvastatin wa 40 mg ndi kuwauza kuti asiye mafuta. Mayiwa ndi munthu womvera, ndiye anasiya zonse: mazira, mtedza, nsinjiro, mapeyala, nyama, ngakhale dontho la mafuta ophikira m'ndiwo. Anatsala ndi nsima ya ufa woyera, masamba owiritsa, tiyi ndi buledi. Posakhalitsa ntchafu zinayamba kuwawa, kudzuka pampando kunkafuna kugwira tebulo, ndipo kukweza mkono kuti alembe pamwamba pa bolodi kunakhala ntchito.

Zimene tinapeza

Nkhope inali yotupikana makamaka m'zikope, khungu lozizira ndi louma, nsidze zopyapyala cha kumapeto. Mtima unkagunda ka 56 pa mphindi. BP inali 146/98. Ankalemera makilogalamu 78, msinkhu mamita 1.60. Miyendo inali yotupa pang'ono koma yosasiya dzenje ukadina ndi chala. Nditagogoda msempha wa kuchidendene, phazi linagwedezeka bwinobwino koma linachedwa kubwerera, ndipo chizindikiro chimenechi ndi chimene chinandipangitsa kulemba TSH, muyeso wa magazi woonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito, papepala la ku labu. Chithokomiro chenichenicho chinali chaching'ono, cholimbirako, chosawawa. Pa misempha ya m'zidendene ndi ya kuseri kwa manja panalibe timatupa ta mafuta timene timaoneka mwa anthu a cholesterol yakumtundu.

Zotsatira za magazi zinabwera motere. TSH inali 46 mU/L, pamene yabwino imakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0. Free T4, homoni imene chithokomiro chimatulutsa, inali 5 pmol/L, yotsika kwambiri. CK, imene imatuluka m'minofu ikamavulala, inali 1,150 U/L, kuposa kasanu malire a labu yathu. Creatinine, amene amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, anali 104 µmol/L, magazi 11.2 g/dL, ndipo mkodzo unali woyera, wopanda puloteni. Ngakhale anali pa simvastatin, cholesterol yonse inali 6.9, LDL (cholesterol yoipa imene imaphinja mitsempha) 4.7, HDL (cholesterol yabwino) 1.2, ma triglyceride (mtundu wina wa mafuta a m'magazi) 2.2. ECG, muyeso wa kagundidwe ka mtima, inangoonetsa mtima wogunda pang'onopang'ono.

TSH imasokoneza odwala ambiri, chifukwa amamva kuti yakwera n'kuganiza kuti chithokomiro chikugwira ntchito mopyola. Zoona zake n'zosiyana. TSH imachokera m'kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, ndipo ntchito yake ndi kulamula chithokomiro kuti chitulutse mahomoni. Mayiwa ndinawafotokozera kuti zili ngati kholo limene likukweza mawu poitana mwana amene sakuyankha: mawu akakwera kwambiri, ndiye kuti mwanayo sakumva. Chimene chinafooketsa chithokomiro chawo chinali matenda a Hashimoto, momwe chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro; magazi anaonetsa ma anti-TPO, asilikali a m'thupi oukira chithokomiro, okwera. Matendawa anafotokozedwa koyamba ndi dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, mu 1912, ndipo ndi amene amafooketsa chithokomiro kwambiri kumadera kumene anthu amapeza ayodini wokwanira. Amagwira akazi kuposa amuna.

Chifukwa chimene cholesterol inakwerera

Anthu ambiri amakhulupirira kuti cholesterol yonse imachokera m'mbale. Gawo lalikulu thupi limadzipangira lokha, makamaka m'chiwindi, ndipo chiwindi chomwecho ndi chimene chimachotsa LDL m'magazi. Pamwamba pa maselo a chiwindi pali timapuloteni togwira LDL n'kuilowetsa mkati. Kuchuluka kwa timapuloteniti kumadalira mahomoni a chithokomiro. Mahomoniwo akachepa, timapuloteni timachepa, LDL imakhala nthawi yaitali ikuzungulira m'magazi, ndipo nambala imakwera ngakhale munthu akudya masamba okhaokha. Kusandutsa cholesterol kukhala ndulu kumachepanso, ndipo ma triglyceride amachedwa kuchotsedwa. Ubale umenewu ndi wodziwika kalekale, moti kuyeza TSH kusanayambe madokotala ankayang'ana cholesterol pofuna kudziwa ngati chithokomiro chafooka komanso ngati mankhwala akugwira.

N'chifukwa chake malangizo a mabungwe akuluakulu, kuphatikizapo a NICE a ku Britain, amanena kuti munthu wa cholesterol yokwera afufuzidwe kaye ngati pali china choikweza: chithokomiro chofooka, shuga wosalamulirika, impso zotaya puloteni, matenda a chiwindi, mowa wambiri. Kuno kwathu chopinga ndi chakuti m'zipatala zambiri zazing'ono TSH siyezedwa, ndipo wodwala amayenera kupita ku chipatala chachikulu kapena kulipira ku labu yolipiritsa. Komabe ndimaona kuti kwa mayi wopitirira zaka 50, wotopa, wozizidwa, wa cholesterol yopitirira 7.5, ndalama ya TSH imodzi ndi yochepa poyerekeza ndi miyezi ya mapiritsi osagwira ndi ululu wa minofu.

Amene anawalembera statin sanalakwe poganiza kuti mayiwa akufunika statin. Munthu wa shuga wopitirira zaka 40, wa BP, wa mchimwene wodwala sitiroko, ndi woyenera mankhwalawa pafupifupi m'malangizo onse. Vuto linali nthawi, mtundu ndi mlingo. Chithokomiro chofooka pachokha chimavulaza minofu ndi kukweza CK, ndipo chikakumana ndi statin ngozi imakula, nthawi zina mpaka minofu kuphwanyika n'kuwononga impso. Pamwamba pa apo, amlodipine amachedwetsa kuchotsedwa kwa simvastatin m'thupi, ndiye amene akumwa awiriwa sayenera kupitirira 20 mg ya simvastatin. Mayiwa ankamwa 40. Zinthu zitatu zinakumana pa ntchafu zawo.

Chithandizo choyamba

Simvastatin tinamuimitsa tsiku lomwelo. Tinawauza kuti azimwa madzi okwanira ndipo abwere msanga mkodzo ukada kapena ukachepa. CK titaibwereza patatha mlungu inali itayamba kutsika, creatinine sanakwere.

Levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, mlingo wake wathunthu kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse patsiku, zimene kwa iwo zikanakhala 125 mcg. Sindinayambire pamenepo. Chithokomiro chinali chitafooka kwa nthawi yaitali, ndipo munthu wa shuga, BP ndi cholesterol yotere akhoza kukhala ndi mitsempha ya mtima yophinjika osadziwa. Mtima umene wazolowera kugunda ka 56 ukaukankha mwadzidzidzi, ululu wa pachifuwa ukhoza kubuka. Tinayamba ndi 50 mcg, n'kumakweza ndi 25 pa milungu 4 iliyonse mpaka 100 mcg. Anamwino anawatsindikira kuti akamva kufinya pachifuwa kapena mtima kuthamanga asadikire tsiku la kiliniki.

Kusintha kunabwera mwa dongosolo limene ndimaliona kawirikawiri: kudzimbidwa ndi kutupikana kwa nkhope kunayamba kutha, kenako kuzizidwa, kenako mawu. Khungu ndi tsitsi zinachedwa. Koma patatha milungu 8 ali pa 100 mcg, TSH inali idakali 12.

Apa mpamene wodwala ambiri amangowonjezeredwa mlingo. Ndinawapempha kuti andifotokozere m'mawa wawo kuyambira podzuka. Anati: "Adokotala, ine sindiphonya. Ndimamwa onse pamodzi ndi phala kuti asandipweteke m'mimba." Phalalo linali la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, pambali pake tiyi wa mkaka, ndipo pa "onse" aja panali mapiritsi a ayironi amene anagula ku famase atamva kuti magazi achepa. Ayironi, kashiamu, mankhwala a kutentha pachifuwa okhala ndi aluminiyamu, soya ndi khofi zonse zimalepheretsa levothyroxine kulowa bwino m'thupi. Tinagwirizana kuti azimwa piritsilo ndi madzi okha akangodzuka, asanakoleze moto, n'kudikira mphindi 30 mpaka 60 asanadye. Ayironi amayenera kutalikirana ndi levothyroxine maola 4, koma kwa iwo tinangomusiya chifukwa titayeza tinapeza kuti ayironi m'thupi anali wokwanira. Kuchepa kwa magazi kunali kwa chithokomiro chomwecho. Mlingo sitinausinthe. Patatha milungu ina 8, TSH inali 3.2, magazi 12.6, creatinine 78, CK 140, ndipo nambala yapansi ya BP inatsika kufika pa 84.

Kudikira milungu 6 mpaka 8 tisanayezenso si ulesi wa chipatala. Levothyroxine amatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye pamafunika milungu ingapo kuti akhazikike ndi kuti pituitary isinthe kalamulidwe kake. Kuyeza msanga kumapereka nambala yonama imene imachititsa kukweza mlingo mopyola, ndipo mlingo wopyola kwa mayi wosiya kusamba umafooketsa mafupa ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Chithokomiro chitakhazikika tinayezanso mafuta, ali osamwa statin aliyense. Cholesterol yonse inali 6.2, LDL 4.2, HDL 1.3, ma triglyceride 1.5. Kuchoka pa 8.1 kufika pa 6.2 ndi kutsika kwakukulu, ndipo gawo lalikulu linali ntchito ya levothyroxine. Koma LDL ya 4.2 kwa munthu wa shuga idakali yokwera kwambiri.

Nkhani ya chakudya

Nditatchula statin, mayiwa anakana mwaulemu koma motsimikiza. Ululu uja anali akuukumbukira. Anapempha miyezi 3 kuti ayese chakudya ndi kuyenda. Ndinawauza mosabisa kuti sindikuyembekezera kuti zimenezo zokha zifikitsa LDL pamene tikufuna, chifukwa kusintha kadyedwe mwakhama nthawi zambiri kumatsitsa LDL ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse, pamene ife tinkafuna kutsitsa ndi oposa 40. Koma ndinavomera. Analibe matenda a mtima odziwika, miyezi 3 sinali ngozi yaikulu, ndipo munthu amene wakakamizidwa amalandira mapiritsi n'kukawasunga m'kabati.

Ntchito yoyamba inali kubwezera m'mbale zimene anachotsa mosafunikira. Mawu akuti "siyani mafuta" amavulaza anthu ambiri, chifukwa mafuta onse si amodzi. Amene amakweza LDL ndi mafuta olimba: a nyama yonona, chikopa cha nkhuku, soseji, batala, mafuta a mgwalangwa, majarini olimba, ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza pa chiwaya cha tchipisi, mandasi ndi kanyenya. Bungwe la WHO limalangiza kuti mafuta olimba asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya. Mafuta a mtedza, a mpendadzuwa, a soya ndi a mapeyala akalowa m'malo mwa olimbawo amatsitsa LDL. Choncho nsinjiro zinabwerera mu nkhwani ndi mu mpiru, peyala linabwerera, ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta a mpendadzuwa pophika. Mazira tinati atatu kapena anayi pa mlungu, owiritsa.

Kudya nsima ya ufa woyera ndi buledi m'malo mwa zonse kunali kutakweza shuga wawo, ndipo kunkathandizira kukweza ma triglyceride. Tinasinthira ku mgaiwa, mitanda iwiri yaing'ono m'malo mwa itatu yaikulu, ndiwo n'kuchuluka kuposa nsima. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zinakhala ndiwo za masiku ambiri. Zimenezi pamodzi ndi therere zili ndi ulusi wosungunuka umene umagwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo, ndiye chiwindi chimakakamizika kutenga cholesterol m'magazi kuti chipange ndulu ina. Therere lobala ndi ndiwo imene ena m'tauni amaichitira manyazi, pamene ndi imodzi mwa zabwino kwambiri kwa wodwala ngati ameneyu. Ndinangowapempha kuchepetsa soda pophika chifukwa cha BP. Usipa, matemba ndi utaka tinati aziphika ndi tomato m'malo mokazinga, ndipo zouma zamchere aziviika kaye. Mchere wonse patsiku usapitirire magalamu 5, omwe ndi pafupifupi supuni ya tiyi imodzi.

Panali mafunso atatu amene anabwera nawo kuchokera ku gulu la WhatsApp la azimayi anzawo, ndipo ndimawamva kwa odwala ambiri a chithokomiro. Loyamba linali la kabichi, repu ndi tchainizi, kuti amawononga chithokomiro. Masambawa alidi ndi zinthu zimene zingasokoneze kagwiritsidwe ntchito ka ayodini, koma kuphika kumazichepetsa, ndipo pa mlingo umene munthu amadya sizivuta, makamaka kwa amene mahomoni ake akuchokera m'piritsi. Chimodzimodzi chinangwa: chowawa chosaviikidwa bwino, chodyedwa tsiku ndi tsiku kumalo osowa ayodini, ndi chimene chimathandizira chotupa cha pakhosi, osati kondowole wokonzedwa bwino wa apo ndi apo. Lachiwiri linali la soya. Sanafunike kumusiya, anangofunika kumutalikitsa ndi piritsi la m'mawa. Lachitatu linali la madontho a ayodini ndi ufa wa zomera za m'nyanja zimene zimagulitsidwa pa intaneti kuti zimadzutsa chithokomiro. Izi ndinaletsa ndithu. Pa matenda a Hashimoto vuto si kusowa ayodini, ndipo ayodini wochuluka akhoza kufooketsa chithokomiro kwambiri. Mchere wa ayodini wa m'paketi, umene dziko lathu linaukhazikitsa mwa lamulo m'zaka za m'ma 1990, ndi wokwanira. Za adyo, mandimu ndi chammwamba ndinati adye monga chakudya ngati akuzikonda, koma zisalowe m'malo mwa piritsi lililonse.

Kuyenda tinakuchedwetsa mpaka CK itabwerera m'malo mwake, chifukwa minofu yovulala siyenera kupanikizidwa. Anayamba ndi mphindi 10, n'kufika pa mphindi 30 masiku 5 pa mlungu, zomwe zimakwana mphindi 150 zimene WHO imalangiza. Anasiya kukwera kabaza popita kusukulu. Ndinawauziratu kuti kuyenda kumathandiza shuga, BP, ma triglyceride ndi mtima weniweniwo, koma LDL kumaisuntha pang'ono chabe, kuti asadzagwe ulesi akadzaona nambala.

Miyezi 3 itatha ankalemera makilogalamu 73, shuga anali bwino kuposa kale lonse, BP 132/82. Cholesterol yonse inali 5.8, LDL 3.9, HDL 1.3, ma triglyceride 1.3. Anagwira ntchito yaikulu ndipo ndinawayamikira kuchokera pansi pa mtima. Nambala ya LDL anaiwerenga okha m'buku lawo la kuchipatala, n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti apa basi, sizitsikanso?"

Kubwerera ku statin

Ndinawayankha kuti ikhoza kutsikabe pang'ono, koma osati kufika pamene mitsempha yawo ingakhale pabwino. Tinakambirana nthawi yaitali. Ma statin amatseka njira imene chiwindi chimapangira cholesterol, ndipo chiwindicho chimayankha pochulukitsa timapuloteni togwira LDL tija. Apa mpamene zimamveka chifukwa chake simvastatin sanagwire bwino poyamba: timapuloteniti timafunanso mahomoni a chithokomiro. Mankhwala a gululi anayamba ndi kafukufuku wa Akira Endo ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo kafukufuku wa 4S wa mu 1994, wa anthu 4,444 odwala mtima a m'maiko a kumpoto kwa Ulaya, anaonetsa kuti simvastatin amachepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Kafukufuku wambiri wotsatira ataphatikizidwa anasonyeza kuti kutsitsa LDL ndi 1 mmol/L kumachepetsa ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu, ndipo odwala shuga amapindula chimodzimodzi. Kwa mayiwa, mawu akuti sitiroko sanali a m'buku. Mchimwene wawo amamuyendetsa ndi ana ake.

Ndinawauzanso mbali inayo. Statin amakweza shuga pang'ono mwa ena, ndiye tidzayang'anira. Kuwawa kwa minofu kumachitika, ndipo kwawo kuja kunali kwenikweni, CK inachitira umboni. Koma zinthu zitatu zimene zinakubweretsa, ziwiri tinali titazichotsa ndipo chachitatu tikanachipewa posankha mankhwala ena. Tinasankha atorvastatin, amene sasokonezana kwambiri ndi amlodipine ndipo akhoza kumwedwa nthawi iliyonse ya tsiku. Tisanayambe tinatsimikiza kuti TSH ndi CK zili bwino ndi kuti chiwindi chili bwino. Tinayamba ndi 10 mg usiku, patatha milungu 6 opanda vuto tinafika pa 20 mg.

M'mlungu wachiwiri anabwera ndi nkhawa, bondo lakumanja likuwawa. Ululu wa statin umagwira minofu ikuluikulu mbali zonse ziwiri, ntchafu, matako, mapewa, osati mfundo imodzi. Bondolo linali la nyamakazi ya ukalamba imene kuyenda kunaidzutsa, ndipo CK inali 150. Sitinasiye mankhwala. Ndimaona kuti wodwala amene anavutikapo ndi statin ayenera kupatsidwa khomo lotseguka lotere, kuti abwere adzayezedwe m'malo mongosiya mwakachetechete. Kafukufuku wa SAMSON wa ku London mu 2020 anapeza kuti mwa anthu amene anasiya statin chifukwa cha zowawa, pafupifupi magawo 90 pa 100 a zowawazo ankazimvanso akamwa piritsi lopanda mankhwala. Zimenezi sizitanthauza kuti wodwala akunama. Zimatanthauza kuti mantha amamveka m'thupi, ndipo njira yowathetsera ndi kuyeza ndi kufotokoza.

Patatha miyezi 3 ali pa 20 mg, cholesterol yonse inali 4.0, LDL 2.1, HDL 1.4, ma triglyceride 1.1. Cholesterol yosakhala HDL inatsika kuchoka pa 4.5 kufika pa 2.6, kuposa magawo 40 pa 100 amene tinkafuna. Malangizo ena amafuna LDL yochepera 1.8 kwa munthu wa shuga wokhala ndi zoopsa zina, ndipo kukweza mpaka 40 mg ndi nkhani imene tidzakambirane. Pakali pano ndasankha kusunga mlingo umene akuumwa mokhulupirika ndi mopanda mantha.

Zoyenera kusamala kwa anzanga ogwira ntchito kuno

Mayiwa alibe HIV, koma ambiri amene timawaona ali pa ma ARV. Dolutegravir, amene ali m'mankhwala oyambira a anthu ambiri m'Malawi kuyambira 2019, sasokonezana kwenikweni ndi ma statin. Koma amene ali pa atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir sayenera kupatsidwa simvastatin ngakhale pang'ono, ndipo atorvastatin amaperekedwa pa mlingo wochepa. Erythromycin ndi clarithromycin amakwezanso statin m'magazi. Wodwala akalemberedwa amenewa, simvastatin aime masiku amenewo. Rifampicin wa TB amachititsa kuti levothyroxine achoke msanga m'thupi, ndiye mlingo ungafunike kukwezedwa. Mayi amene akufuna kutenga pathupi asiye statin, koma levothyroxine asasiye, ndipo mlingo wake umafunika kukwera mimba ikangodziwika.

Si wodwala aliyense wa TSH yokwera amene afanane ndi uyu. Pamene TSH yakwera pang'ono, pakati pa 4 ndi 10, free T4 ili bwino, levothyroxine amatsitsa cholesterol pang'ono chabe, ndipo si nzeru kuchedwetsa statin kwa miyezi podikira kusintha kumene sikudzabwera. TSH yotere iyenera kubwerezedwa patatha miyezi 2 kapena 3 chifukwa nthawi zambiri imabwerera yokha. Ndipo munthu amene wadwala kale mtima kapena sitiroko sangadikire ngati mmene tinadikirira ife. Pamenepo mankhwala awiriwa amayendera limodzi, statin pa mlingo wosamala, CK ikuyang'aniridwa. Cholesterol ikakhalabe pamwamba pa 7.5 kapena LDL pamwamba pa 4.9 chithokomiro chitakhazikika, ganizirani za cholesterol yakumtundu, imene imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo muitanitse ana ndi abale.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo pafupifupi 9 pa 100 ali ndi cholesterol yokwera. Pamene makiliniki a matenda osapatsirana akufalikira m'maboma, ma statin adzalembedwa ambiri, ndipo ena mwa olemberedwawo adzakhala azimayi otopa, ozizidwa, onenepa popanda chifukwa. Kumene TSH kulibe, kugunda kwa mtima, khungu, mawu ndi chidendene zimayezeka popanda makina, ndipo zikhoza kusankha amene ayenera kutumizidwa kukayezetsa asanayambe statin.

Pamene tili tsopano

Mayiwa akumwa levothyroxine 100 mcg m'mawa, metformin ndi amlodipine monga kale, ndi atorvastatin 20 mg usiku. TSH tidzayeza pakatha miyezi 6, kenako kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse imene minofu ingayambenso kuwawa kapena cholesterol ingakwere popanda chifukwa, chifukwa chimene chimayamba kusokonekera nthawi zambiri ndi chithokomiro. Akudziwa kuti levothyroxine ndi wa moyo wonse. Vuto limene latsala ndi kapezedwe kake: miyezi ina amasowa, amagula okha, ndipo mtundu umasintha malinga ndi famase. Tawalangiza kuti azikhala ndi wa mwezi umodzi wapadera, amusunge pouma ndi posatentha, kutali ndi mbaula ndi zenera, ndipo mtundu ukasintha atiuze kuti tiyeze TSH pakatha milungu 6 mpaka 8. Mwana wawo wamkazi wa zaka 29, amene akukonzekera banja, tamupempha kuti ayezetse TSH asanatenge pathupi.